Subframe yakutsogolo ya Mini yang'aluka pomangira tie bar: tiwotcherere kapena tisinthe?

Makaniko wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'galaja muli Mini 1000 ya 1978. Ukaponda mabuleki ikukokera kumanzere, ndipo ponyamuka kukumveka kugunda pansi chakutsogolo. Mabushi a tie bar (ndodo yogwira tayala kuti lisabwerere m'mbuyo) ndi atsopano, ma ball joint sakugwedera. Titapukuta oyilo tapeza mng'alu wa 30 mm patsinde pa bulaketi ya tie bar yakumanzere, ndipo bulaketiyo yapindikira kumbuyo pang'ono. Mwini wake sakufuna kugula subframe (chimango chachitsulo chonyamula injini ndi matayala akutsogolo) ina. Tingawotcherere ili pagalimoto pomwepo?

Wowotcherera wa ku Kanengo:
Ayi achimwene, itsitseni. Paipi ya mabuleki imadutsa pa subframe pomwepo, komanso injini ya A-series imadontha oyilo, ndipo oyiloyo wakhala akulowa pakati pa zitsulo zosanjikizana kwa zaka zoposa 40. Mukawotcherera pamenepo, weld imatuluka ndi timabowo ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Kunja imaoneka yagwira, mkati mulibe kanthu.

Ndipo mng'alu mwauonawo sungakhale wokha. Ikatsika, tsukani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale. Pakani palafini, dikirani mphindi 20, pukutani mpaka kuuma, kenako pakani choko chosungunula mu sipiriti. Chikauma gogodani pang'ono ndi hamala. Pomwe pali mng'alu, palafini amatulukira ngati kaulusi konyowa pachoyerapo. Yang'anani patsinde pa ma tower onse awiri (momwe mumakhala ma cone a labala, omwe ndi masipuling'i a Mini), mabowo a pin ya lower arm (mkono wapansi wogwira tayala), pomangira injini, ndi miyendo yakumbuyo.

Mukatha, wambani malowo pang'ono ndi moto wa gasi kuti palafini ndi oyilo zituluke, mupukute ndi thinner, ziume. Brake cleaner ya chlorine isayandikire. Ikakumana ndi moto wa welding imatulutsa mpweya wa phosgene, womwe umawononga mapapo.

Wa alignment wa ku Limbe:
Kukokerako kukugwirizana ndi bulaketiyo. Tie bar imachoka pa lower arm kupita kutsogolo, ndiye pamabuleki kapena tayala likagwa m'dzenje, imakokera bulaketi kumbuyo. Bulaketi ikagonja, ball joint yapansi imabwerera m'mbuyo, caster (kupendekera m'mbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo) ya mbali imeneyo imachepa, galimoto n'kumathawira komweko.

Musanayatse makina, yezani. Kuchokera pabowo la tie bar kufika pa pin ya lower arm, mbali zonse ziwiri. Kenako mopingasa, kuchokera pabowo lakutsogolo kumanzere kufika lakumbuyo kumanja, n'kutembenuza. Zikasiyana kupitirira 3 mm, ine sindingaiwotcherere. Subframe yotero inagundidwapo, ndipo muilimbitsa ili yokhota. Muuzeni mwini wake zoona.

Wowotcherera wa ku Kanengo:
Ngati miyeso ili bwino, imangeni kaye pa angle iron wa 50 x 50 x 5 ndi mabawuti podzera m'mabowo ake omangira, kuti kutentha kusaikoke. Ma cone a labala achoke, asapse.

Boolani kabowo ka 3 mm kumapeto onse a mng'alu, pang'ono kupitirira pomwe diso likuthera. Kumbani mzerewo ndi giraindala ukhale ngati V. Bulaketi iwongoleni kamodzi kokha, itatenthedwa. Ngati chitsulo chapyapyala pomwe chinapindika, kapena bowo latambasuka ngati dzira, iduleni mupange ina. Osaipinda uku ndi uku, imafooka.

Makina owotcherera a MIG ndi waya wa 0.8 mm ndiye abwino. Amene ali ndi makina a arc okha agwiritse ma rod a 6013 a 2.0 mm, moto wa pakati pa 45 ndi 60 amps, ayese kaye pa chidutswa chokhuthala mofanana. Brazing ayi, mkuwa sugwira pamalo okokedwa chotere, ndipo wodzakonza pambuyo pake adzavutika kuwotchererapo.

Kulimbitsa kwenikweni ndi ma gusset: tizitsulo ta makona atatu ta 3 mm, tiwiri pa bulaketi iliyonse, mbali zonse za galimoto ngakhale yakumanja ioneke yabwino. Ambiri amalakwitsa apa, amaika chitsulo cha 6 mm poganiza kuti kukhuthala ndiye mphamvu. Subframe ndi ya chitsulo chopyapyala chomwe chimagonjera pang'ono. Mukaumitsa malo amodzi kwambiri, mng'alu umasamukira m'mphepete mwa chigambacho. Nsonga za gusset zizithera pang'onopang'ono, ngodya zikhale zobulungira. Ikani bushi ndi washala wake poyesera musanawotcherere, muone kuti akukhala bwino ndiponso sipanala ikufika pa nati.

M'misoko ya fakitale, momwe anangodontheza ma spot weld, sokani 25 mm n'kudumpha 25 mm. Kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja, kudikira mpaka dzanja lithe kugwira. Osathira madzi.

Wa zipangizo za Mini wa ku Johannesburg:
Madala a ku Kanengo anena zonse za moto, ine ndiwonjezere za mamountingi. Kuyambira 1976 subframe ya Mini za ku Britain inayamba kukhala pa labala, bawuti imodzi yaikulu pa tower iliyonse. Zakale zinali zomangidwa chitsulo pa chitsulo, mabawuti awiri pa tower. Yanuyo iyenera kukhala ya labala, ndiye kugunda kwa ponyamuka mwina si bulaketi yokha. Tukulani kapeti muone pansi pomwe mapazi amaponda, pozungulira mabawuti a mamountingi akumbuyo. Pamang'aluka kwambiri pamenepo. Aliyense woika mamountingi achitsulo kumbuyo ayambe waikapo mapuleti olimbitsa, apo ayi pansipo pang'ambika.

Pochotsa ma cone samalani ulusi wa cone compressor, chida chowapanikizira. Akale ndi a 1/2 inch UNF, atsopano ndi M14. Mukalowetsa wolakwika umagwira pang'ono, n'kudzaphonyoka labala itapanikizika, zala zili m'kati.

Tie bar ya fakitale ndi ya 1/2 inch. Pali zokhuthala za 5/8 inch zotheka kutalikitsa kapena kufupikitsa, zimathandiza kufananitsa caster mukatha kuwotcherera. Koma musaike mabushi a polyurethane mbali zonse ziwiri za bulaketi. Tie bar imafunika kusewera tayala likamakwera ndi kutsika. Ikamangika, imathyokera paulusi kapena imang'ambanso bulaketi. Yolimba ikhale kutsogolo, ya labala kumbuyo.

Mukafika pogula yakale, onetsetsani zitatu: bawuti imodzi kapena awiri, ya ma cone kapena ya Hydrolastic (sasipenshoni ya madzi), ya manual kapena automatic. Ya automatic ndi yotambalala pomangira injini.

Makaniko wa ku Ndirande:
Zikomo akuluakulu. Yatsika. Mopingasa zasiyana 2 mm. Choko chaonetsa mng'alu wina wa 15 mm patsinde pa tower yakumanzere, ndipo pansi pa kapeti pang'alukadi pa bawuti imodzi. Bowo la bulaketi likadali lozungulira.

Wa alignment wa ku Limbe:
Imeneyo ndi yokonzeka, pitirizani. Wa pa tower muuchite monga wa pa bulaketi. Pansipo wotchererani, muikepo puleti ya 2 mm yopitirira mabawuti onse awiri, mbali zonse. Yezaninso mopingasa mutaimasula pa angle iron, osati ili chimangire. Pakani primer ya epoxy ndi penti, m'kati mopanda pofikira muthire cavity wax, mabowo otulutsira madzi asatsekeke.

Manati a lower arm ndi tie bar mumalize kumanga galimoto itaima pa matayala ake, kuti mabushi asapotoke. Iyendetseni pang'ono ma cone akhazikike, kenako muyeze. Mini imafuna toe-out (matayala kuyang'ana kunja pang'ono) ya 1.6 mm kutsogolo, osati toe-in (kuyang'ana m'kati). Caster ikhale pafupi ndi madigiri 3, ndipo mbali ziwirizo zisasiyane kupitirira theka la digiri. Ikayenda makilomita 500 ibwere pa jeke, mupukute ma gusset muone ngati penti yang'aluka m'mphepete mwake.