Ellen Ryan uja wa lawn bowls, gemu yake imayenda bwanji kodi?

Nachisale_22:
Abale ndithandizeni. Dzulo ndimangoyendayenda pa YouTube ndiye ndinagwera ka vidiyo ka mtsikana wa ku Australia dzina lake Ellen Ryan akuwina golide ku Commonwealth Games ya 2022 ku Birmingham, anthu kukuwa ngati wagoletsa chigoli cha fainolo ya mpira pomwe ine ndimangoona akugubuduza timipira pa kapinga. Ine ndimkadziwa kuti imeneyi ndi gemu ya agogo opuma pa ntchito, nde mtsikana wazaka 25 akutani kumeneko? Komanso mpirawo umakhota bwanji choncho, amaupotoza ndi dzanja?

Kabaza_FC:
Kkkkk sisi gemu ya agogo ndithu, ine ndinaonerako mphindi zisanu tulo basi.

MaiTaona:
A Kabaza mphindi zisanu simungaone kanthu. Nachisale mpira uja sapotoza ndi dzanja ayi, unapangidwa wosafanana mbali ziwirizo, amati bias, ndiye ukamatha mphamvu umayamba kukhota wokha. Choncho saloza pomwe pali kampira koyera kaja, jack, amaloza pambali nkuusiya uzungulire ukafike. Pa singles aliyense amakhala ndi mipira inayi, onse akaponya amaona kuti wayandikitsa ndani, mipira yako yonse imene ili pafupi ndi jack kuposa wa mnzako woyandikitsitsa ndi mapointi ako, woyamba kufika 21 wawina.

Ellen Ryan sanangotulukira mu 2022, ndi wa ku Goulburn ku New South Wales, wobadwa 1997, ndipo mu 2015 ali ndi zaka 18 anatenga singles ya Australian Open. Fainolo mwaonayo inali pa Victoria Park ku Leamington Spa, tauni ya kufupi ndi Birmingham, amasewera ndi Lucy Beere wa ku Guernsey ndipo poyambirira anatsalira kwambiri moti aliyense amati zatha, koma anabwerera pang'onopang'ono mpaka 21-17. Beere naye siliva wakeyo inali mendulo yoyamba ya Guernsey chichokereni 1994, kwawo kunali chisangalalo ngakhale analuza.

Bambo_a_Chiko:
Mai Taona mwasiya gemu yeniyeni. Onerani fainolo ya pairs, ya awiriawiri, Ryan ndi Kristina Krstic kukumana ndi eni bwalo a England, Amy Pharaoh ndi Sophie Tolchard. Anatsalira 11-2 anthu inu, gulu lonse likuchemerera England, koma anakoka mpaka 18-18 nkupita ku end yowonjezera (end ndi chigawo chimodzi cha gemu, onse akaponya mipira yawo yonse), kuwina 19-18. Ine ndinaibwereza katatu ndipo chimene chinandigwira si mapointi koma nkhope yake akuima pa mat, kamphasa koponyerapo, amayang'ana kapinga nthawi yaitali, kupukuta mpira ndi kansalu, kenako kugwada bondo limodzi kuutulutsa pansi penipeni osadumpha nkomwe, ndiye amautsatira pambuyo akuwerama ngati akuunong'oneza. Munthu wamtima wapachala pamenepo amangomenya mwamphamvu kuti abalalitse zonse nkuphonya. Ine ndinayesapo kamodzi gemuyi, mpira ndinaugwira chotembenuza bias ili kwina, unakhotera ku rink ya eni ake, kachigawo ka kapinga komwe amasewererapo ena, anthu kuseka mpaka misozi.

Nachisale_22:
Kkkk pepani bambo. Ndiye magolide awiri pa mpikisano umodzi eti. Koma bwanji sindinaionepo ku Olympics?

MaiTaona:
Ku Olympics kulibe, nchifukwa chake Commonwealth Games ndi pachimake kwa iwowa. Yakhalamo kuyambira 1930 kupatula 1966 ku Jamaica, koma amayi anawalola mochedwa, 1982 ku Brisbane, ndipo golide woyambayo wa triples, ya atatuatatu, anatenga ndi Zimbabwe. Za ugogozo, onaninso Katherine Rednall wa ku England, anawina World Indoor ya amayi mu 2014 ali ndi zaka 18 zokha. Gemuyi sifuna liwiro kapena minofu ndiye mwana wa sukulu amatha kukumana ndi mayi wazaka 60 pa rink imodzi, wina aliyense nkumuopa mnzake.

Kabaza_FC:
Chabwino ndaonera ya pairs ija, end yomaliza ndinaimirira osadziwa. Koma musauze anthu.