Kotesheni ya bwalo la ayezi ku Kasungu, thandizeni

Wamafiriji pa Boma: Akuluakulu mutu waima. Komiti ya achinyamata kuno yandipeza akuti akufuna bwalo lotsetserekapo pa ayezi, eee ayezi weniweni ku Kasungu konkuno. Pali mkulu wina wakwathu kuno amakhala ku Canada ndiye wawalonjeza theka la ndalama, zotsalazo akuti asonkha kwinaku akukapempha ku CDF. Kotesheni akuifuna Lachisanu. Si la mamita 60 x 30 ngati la ku Olympics ayi, akuti 20 x 10 basi. Ma cold room ndimamanga koma silabu ya konkire yokhala ndi mapaipi oyendamo glycol, madzi ozizira aja oumitsa ayezi, sindinaigwirepo. Mapaipi ndiwatalikitse bwanji, nanga chiller, makina oziziritsa glycol yo, ya size yanji? Musandiseke ndili siliyasi

Madala Wamagetsi: Musanafike ku mapaipi achimwene, pamalopo three phase, magetsi oyendetsa makina akuluakulu aja, ilipo? Thiransifoma agula ndani?

Wa Plumbing ku Mchinji: Mapaipi amayalidwa mothinana, pafupifupi 10 cm pakati pake, ndipo ayezi wake sakhala wochindikala, 3 kapena 4 cm. Koma nkhani yagona pansi pa silabu. Mukapanda kuyala insulation yotchinga, kuzizira kumalowa m'dothi, chinyezi chimaundana n'kutukumula konkire yonse. Mabwalo a mayiko akunja amaikanso mapaipi ofunditsa pansi penipeni chifukwa cha zomwezo

Wamakompuresa wa ku Santhe: Zoona zimenezo. Ine zinandionekera pa freezer room ya butchala ina, mwini wake anakana insulation ya pansi akuti ndikumudyera ndalama, ndiye ndinangomvera poti mwini ndalama ndi iye. Sipanathe chaka floor inatupa pakati ngati chulu, chitseko osatsekeka, nyama yonse kununkha, kenako anabwera kunyumba m'mamawa ndi alamu ake awiri kudzanditenga ngati ndaba mbuzi. Mpaka lero balansi yanga sanandipatse

Madala Wamagetsi: Zonsezo n'zabwino koma magetsi akathima maola asanu mu October dzuwa lili pamutu? Likhala dziwe limenelo, ana aziwedzamo matemba. Jenereta yokoka chiller si timajenereta ta pa ukwati iti, dizilo wake azigula ndani

Mayi Wa BOQ: Bambo inu lembani kuti kotesheni ikugwira masiku 7 okha ndipo zida zochokera kunja muike mu dollar. Mwaiwala November 2023 kwacha itagwa ndi 44%? Ena tinamaliza ntchito ndi ndalama za m'thumba. Chiller, glycol, nsapato zake zomwe, palibe chopezeka kuno. Ndipo lonjezo la munthu ali ku Canada si dipoziti, ndalama iyambe yalowa mu akaunti ya komiti muione ndi maso. Za CDF zo musaziwerengere nkomwe, pali milatho ndi midadada ya sukulu ikudikira

Wa Plumbing ku Mchinji: Komanso pabwalo pamtetete sizingatheke, pafunika shedi yotsekeka bwino ndi makina ochotsa chinyezi apo ayi nthawi ya dzinja muzingokhala nkhungu, madzi kudontha kuchokera ku malata. Ku Nairobi lilipo pa Panari Hotel, koma lili m'kati mwa nyumba ndipo anthu amalipira pakhomo

Wamafiriji pa Boma: Za shedi sanatchule nkomwe. Nanga ma panel apulasitiki aja amati synthetic ice, osafuna firiji, alipo anawagwirapo?

Mayi Wa BOQ: Amenewonso ndi a forex. Ndiye fumbi la kwanuko, azikolopa ndani

Madala Wamagetsi: Ine ndanena kale. Athire silabu yosalala agule nsapato zamateyala, masana azisewerapo netball. Koma ayezi popanda magetsi okhazikika iyayi. Three phase ilipo kapena palibe? Simunandiyankhe achimwene

Wamakompuresa wa ku Santhe: Pepani kupatukako pang'ono, ndani ali ndi gasi wa firiji wa R404A wotsala olo theka la silinda? Ku Lilongwe andiuza mtengo ndangodula foni