Tchuthi chino ana mumawatengera kuti muno mu Tete?

Nangozo_waUlongwe:
Moni nonse abale anga. Ine kwathu ndi ku Ulongwe koma chaka chino tinasamukira ku Matundo muno mu Tete poti abambo akunyumba anapeza ntchito ku Moatize. Nde masukulu akutseka posachedwapa, ana atatu akhala pakhomo mpaka kumapeto kwa Januwale ndipo kutentha kwa kunoku ife sitinakuzolowere, kwathu ku Angonia ngakhale mu Okutobala usiku umafundako kansalu koma kuno nyumba ya malata ikangokwana ma 10 mmawa sungakhalemo. Ndifunse nawo, anzanga okhalitsa muno ana mumapita nawo kuti nyengo ino? Alipo malo amthunzi oti asewereko, kapena pisina (dziwe lomanga losambiramo) yoti munthu wamba nkulowa? Wamkuluyo ali ndi zaka 12, wayamba kale kundiuza zoti anzake amakasamba kumtsinje ndipo mtima wanga sukukhala mmalo.

Aphiri_Chingodzi:
Mayi takulandirani ku ng'anjo. Ndiyambe ndi zakumtsinjezo chifukwa zinazo zitha kudikira. Mwanayo mukhale naye pansi lero lomwe. Zambezi ali ndi ng'ona, ndipo ng'ona imaonerera malo amene anthu amabwera tsiku ndi tsiku kudzachapa kapena kutunga, pamene ana akuti ndi pabwino poti timasambapo daily mpamene pali poopsa kwambiri. Chachiwiri madzi a Zambezi kuno satengera mvula yokha, kumtundaku kuli damu la Cahora Bassa, akatsegula zitseko madzi amakwera kuno dzuwa lili phwee, mchenga umene mwana anaimapo dzulo lero pamakhala pakuya.
Nde pali Revubwe, inu a ku Matundo muli naye pafupi. Nyengo ino amaoneka wofatsa, mchenga mbwee madzi a mmaondo, koma mtsinje umenewu umachokera kumapiri a kwanu komweko ku Angonia, mvula ikagwa kumeneko madzi amatipeza kuno ife tisanaone ndi dontho lomwe. Ife a ku Chingodzi sitidzaiwala Malichi wa 2019 madzi atalowa mnyumba usiku, kenako Januwale wa 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revubwe womwewo. Disembala ndi Januwale si miyezi yoseweretsa mitsinje imeneyi ayi.

Najere_Mai_aTadala:
Achemwali za pisina ndikuuzeni mmene timachitira ife. Mapisina amene alipo ambiri ndi a mmahotela, umalipira pakhomo kuti usambe ngakhale sukugona komweko. Musanakweze ana chopela (kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu) imbani kaye kapena pitani nokha mukafunse mtengo wa mwana ndi wa wamkulu, ndiponso ngati amalola kulowa ndi chakudya chanu, poti malo ena samalola ndipo ndalama zimathera pa zakumwa osati posamba. Ife timasonkherana azimayi anayi a mpingo umodzi, timapita mkati mwa sabata chifukwa Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza achinyamata ndi nyimbo, mwana wamng'ono sapeza ndi poponda pomwe.
Nthawi yake ndi mmawa kapena kuyambira cha mma 16, masana simenti ya mmbali mwa pisina imawotcha mapazi, azivala ma patapata mpaka pamadzi penipeni. Mukafika yang'anani madziwo, ngati pansi sipakuoneka bwererani, madzi obiriwira amadwalitsa maso ndi makutu komanso mwana atamira simungamuone. Ndipo chonde mayi mmodzi azikhala wa maso basi, foni mchikwama, kenako musinthane. Mwana akamamira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira, amangoti zii. Ma boya opopa oyandamitsa ana aja musawadalire, amatembenuka. Ana a kwathu kumapiri ambiri sadziwa kusambira pakuya, kusamba mtimitsinje ta mmaondo ndi nkhani ina, nde ayambire kosaya.

Jairosi_wa_chopela:
Amayi masana kuno palibe amene amayenda, tauni imadzuka dzuwa likapendeka. Cha mma 17 tengani ana muwoloke nawo wapansi pa mlatho wa Samora Machel, pamwamba pake pamapita kamphepo ndipo mtsinje amauona bwinobwino osaukhudza, mlatho umenewu ndi wa 1973 ndipo chitsegulireni wa Kassuende mu 2014 magalimoto akuluakulu a katundu amadutsa kumeneko nde kuno kunapepukako. Mukawoloka mbali ya tauni anthu amakhala ali mmapaki ndi mmbali mwa mseu, ana akuthamangitsana, amayi akugulitsa madzi oundana a malambe, ena akuwotcha mbuzi, simusowa ndalama zambiri kuti ana asangalale. Linga lakale la Apwitikizi lija la São Tiago Maior lili konko, wa zaka 12 uja mukamuonetse adzakafotokozere anzake kusukulu.
Koma wamkuluyo chimene chingamuchotse kumtsinje ndi mpira. Bairo (dera la mtauni) iliyonse ili ndi bwalo lake ndipo tchuthi anyamata amapanga timipikisano madzulo, akangolowa timu basi nthawi yoganiza zosamba ilibe, kuno mwana aliyense amalota kudzasewera mu timu ya Chingale kapena ya ku Songo. Pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale pokha ndiye samalani, kumakhala anthu osaneneka kulikonse komanso oledzera pamseu, ana ang'ono agwireni padzanja.

Agogo_aku_Domwe:
Mwana wanga Nangozo, ine ndakalamba muno ndipo maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi anzangawa. Ngati agogo awo alipo ku Ulongwe, akwezeni chapa (minibasi) apite akadye Khirisimasi kumudzi. Kumeneko Disembala kukuzizira bwino, mvula ikugwa, akathandize kupalira, akaone gule, akamve chilankhulo chawo poti kuno pakapita zaka ziwiri azidzakuyankhani mchinyungwe ndi chipwitikizi chokhachokha. Kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40 ndipo mwana wosazolowera amafooka msanga, mukaona wasiya kukodza kapena akudandaula mutu mpatseni madzi ambiri, apume pamthunzi, zikapitirira thamangani naye kuchipatala.
Koma pali chimene chimandiwawa. Aphiri anena zoona za ng'ona, komabe tizifunsanso kuti ana amapitiranji kumtsinje akudziwa kuti kuli ng'ona. Mwana wa mayi wogulitsa tomato pa Kwachena ndalama ya pisina ya kuhotela aitenga kuti? Thupi likupsa, mnyumba simukhalika, madzi akuwaona apo. Kuletsa kokha sikukwanira. Ine ndimalakalaka mzinda uno utakhala ndi pisina ya anthu onse ya mtengo wochepa, yokhala ndi munthu wophunzitsa ana kusambira, ndiponso mitengo yambiri mmabairo yokhala ndi mipando pansi pake. Malasha akutuluka ku Moatize, magetsi akutuluka ku Songo mpaka kukafika ku South Africa, sizingakanike. Tizizinena pamisonkhano ya mmabairo, ndipo aliyense mvula ikayamba adzale mtengo wa nimu kapena mango pakhomo pake, nimu kuno amakula msanga ndipo sachita mantha ndi dzuwa.
Chinanso, mvula ikagwa ana asasambe mmadzi odikha a mmakwawa ndi mmaenje oumbira njerwa, mmenemo ndi mochokera likodzo.

Nangozo_waUlongwe:
Zikomo kwambiri nonse, agogo mwandikhudza. Takambirana ndi abambo awo, awiri ang'onowo apita ku Ulongwe sabata yachiwiri ya Disembala, wamkuluyo wakana akuti akufuna mpira nde a Jairosi mundithandize kudziwa bwalo limene anyamata a msinkhu wake amasewera kuno ku Matundo ndi amene amawayang'anira, ndikufuna ndikaonane naye ndekha. Mai a Tadala, gulu lanu la pisina lija mungalandire munthu wachisanu? Ndikufuna mnyamatayu aphunzire kusambira bwinobwino chaka chino, ndikulemberani ku inbox madzulo ano.