Chithunzi cha staili ya Jan Wiegers chikunyezimira, ndichite bwanji

Chikondi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi oda ya mayi wina wa ku Netherlands amene akugwira ntchito kuno ku Lilongwe, kwawo ndi ku Groningen, akufuna ndiwajambulire famu ya agogo awo koma mu staili ya Jan Wiegers, katswiri wojambula zithunzi wa kwawoko. Anditumizira zithunzi pa WhatsApp, minda yofiira, mitengo yapepo, thambo lobiriwira. Ndayesa kawiri pa kanivasi ndi oil paint koma ikauma ikumanyezimira ngati mbale yatsopano ndipo mitundu ikuoneka ngati matope. Dzulo anabwera kudzaona, angoima chete kenako nkunena kuti za Wiegers sizinyezimira. Ndipake vanishi ya matt, yosanyezimira ija, pamwamba kapena?

A Gondwe: Vanishi ayi mwana wanga, uphimba vuto osalichotsa. Nkhani ili mu penti momwemo. Wiegers anadwala m'chifuwa ndiye mu 1920 anapita ku Davos ku Switzerland kukachira, anzake a De Ploeg, gulu la ojambula a ku Groningen, ndi amene anamuthandiza ndalama za ulendo. Kumeneko anakumana ndi Ernst Ludwig Kirchner, uja wa gulu la ojambula la Die Brücke la ku Germany, nkukhala pachibwenzi, amajambula limodzi. Kirchner ndi amene anamuonetsa kusakaniza penti ndi phula la njuchi ndi petulo. Penti yotereyi imauma msanga, siwala, imaoneka ngati choko koma mtundu uli gwaa. Pobwerera ku Groningen mu 1921 anabwera nazo zimenezo ndipo anzake ngati Jan Altink ndi Johan Dijkstra anatengera. Ndiye mayiwo sakunama, maso awo anazolowera zomwe zili ku Groninger Museum.

Chikondi: Eee a Gondwe zikomo, phula lomweli amagulitsa a uchi lija? Ndiye ndingothira petulo basi?

Thoko: Achimwene chonde petulo musayerekeze, makamaka ngati mumajambulira m'chipinda chomwe mumagonamo, fungo lake limapweteka mutu komanso moto suchedwa. Ine ndimagwiritsa ntchito turpentine, mafuta osungunulira penti aja. Phula ndimagula kwa alimi a njuchi, ndimalisefa kaye pa kansalu chifukwa limabwera ndi timiyendo ta njuchi ndi zinyalala, kenako ndimaliika m'kachitini, kachitiniko m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni. Limasungunuka likafika cha m'ma 63 digiri ndiye madzi safunika kuchita kubwadamuka. Likasungunuka chotsani poto, pitani naye panja kutali ndi mbaula, ndi pomwe muthire turpentine pang'onopang'ono mukutakasa mpaka likazizira likhale ngati majarini. Tsekani mu botolo.

Yamikani: Onjezani ichi, penti ya m'chubu imakhala ndi mafuta ambiri, ifinyireni pa katoni madzulo, m'mawa mupeza katoni yamwa mafuta yasiya bwalo lakuda kuzungulira. Mukaikokolola ndiye musakanize ndi phula la asisi Thoko lija koma lisapose gawo limodzi mwa magawo atatu, mukachulutsa penti imakhala yofewa mpaka kalekale, chala chimasiya chidindo.

A Gondwe: Zoona zimenezo. Koma tabwerere pa matope paja chifukwa phula lokha silithetsa zimenezo. Chikondi watumiza foto ya zomwe wajambula ndaiona bwinobwino, ukusakaniza mitundu inayi isanu pa paleti kufuna kupeza mtundu weniweni wa dothi, ndiyeno ukusalaza malire ndi bulashi kuti zilowane. Wiegers wa m'zaka za m'ma 1920 samatero. Munda akaufuna wofiira amaupaka wofiira chigawo chonse, pambali pake nkugundanitsa wobiriwira, mthunzi nkuika wabuluu kapena wapepo, wakuda pang'ono chabe. Dziko la Groningen ndi lathyathyathya, mulibe phiri, ndiye mphamvu ya chithunzi amaipeza pa mitundu ndi mizere ya misewu ndi ngalande yothamangira kutali. Komanso munthuyu ankasema zithunzi pa thabwa nkumadinda, ukaona zimenezo umvetsa chifukwa chomwe zinthu zake zimakhala za makona, denga la nyumba lakuthwa, nkhope ngati yosemedwa ndi mpeni.

Yamikani: Funso langa ndi loti mayiwo akufuna Wiegers wa nthawi iti. Munthuyu anabadwa 1893 ku Kommerzijl, anaphunzira ku Academie Minerva, sukulu ya zojambula ya ku Groningen, anali m'modzi mwa oyambitsa De Ploeg mu 1918, koma mu 1934 anasamukira ku Amsterdam ndipo ntchito zake za pambuyo pake zinafatsa, mitundu sinalinso yokalipa ngati kale. Anadzakhala pulofesa ku Rijksakademie, sukulu ya zojambula ya ku Amsterdam, mu 1953, nkumwalira 1959. Ndiye mukasaka dzina lake pa intaneti zimabwera zosakanikirana, mutha kutengera zolakwika.

Chikondi: Ndawafunsa, akuti za nthawi ya De Ploeg, zofiira zija. Akuti kwawo pabalaza panali positala yake kuyambira ali mwana.

Thoko: Basi ndiye yambani kanivasi yatsopano, yakaleyo yakhuta mafuta, phula siligwira bwino pamenepo. Pansi pakhale poyera komanso pomwa penti, ine mu gesso, penti yoyera yoyambira kupaka pa kanivasi ija, ndimaonjezamo ufa wa choko pang'ono. Pakani mopyapyala, kamodzi, osabwerezabwereza pamalo amodzi, ndipo poyera pakasuzumira apo ndi apo musapaphimbe. Pansi pa chithunzi musaine dzina lanu, kuseri mulembe kuti mwatsata staili ya Wiegers.

Chikondi: Ndabweranso akuluakulu. Ndinayesa pa kachidutswa Loweruka, munda wofiira ndi denga limodzi basi, lero ndakaimika pawindo dzuwa likuwomba ndipo sikakuthwanima ngakhale pang'ono, wofiira uja akuchita kuyaka. Vuto ndi loti ikuuma pa bulashi ndisanamalize mzere wautali wa msewu.

A Gondwe: Thira kadontho ka turpentine, tenga bulashi yotakata, mzerewo ukoke kamodzi osaima. Ndipo tsiku lokapereka chithunzicho usachisiye m'galimoto padzuwa la Okutobala lino, phula limafewa, uwauzenso mayiwo asachipachike khoma loyang'ana dzuwa la masana.