Foni ya ku chipatala chathu: busita kapena rauta?

Bambo Zacarias: Akuluakulu, nkhani ija ya chipatala chathu chaching'ono kwathu ku Dómuè. Anamwino akaimbira dokotala ku Ulónguè pa WhatsApp, mawu amafika mochedwa, onse awiri n'kumalankhula nthawi imodzi. Ena akuti ndalama tasonkhazi tigulire busita, kachipangizo kokweza mphamvu ya rede (netiweki ya foni). Mukuti bwanji?

Mayi Filomena: Ayi bambo. Busita imangochulukitsa timizere ta rede, kuchedwa ndi matenda ena. Bungwe la ITU, loona za matelefoni padziko lonse, limati mawu asapitirire mamilisekondi 150 (sekondi imodzi ndi mamilisekondi 1,000) kuchoka pakamwa kufika m'khutu, ndipo akadutsa 400 kukambirana kumavuta kwambiri. Tiyambe tayeza ping, nthawi imene data imatenga kupita ndi kubwerera, pakhonde la chipatalapo kwa sabata yathunthu, mamawa, masana ndi 7 koloko madzulo, pa Movitel, Vodacom ndi Tmcel. Ikakhala 50 mamawa koma 500 madzulo, ndiye kuti antena ya kampani ya foniyo yadzaza anthu. Busita pamenepo ilibe ntchito.

Achimwene Ernesto: Mayi anena zoona. Koma ikangokhala cha m'ma 600 usana ndi usiku osasuntha, antenayo ikudzera pa satelayiti ija ya makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Chotichitira n'kalata yopita ku kampani ndi ku INCM, kupempha faiba. M'faiba, makilomita 1,000 amangodya mamilisekondi 5. Chinanso, ife tili kumalire. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha rede, imalumphira ku TNM kapena Airtel ya ku Malawi, data n'kuzungulira njira yaitali. Azisankha rede pamanja.

Bambo Zacarias: Nanga ndalamazo?

Mayi Filomena: Tigulire rauta, kachipangizo kolandira rede n'kuigawa pa Wi-Fi. Ikhale ya 4G ya panja, pa chitsulo cha mamita 6, yolunjika ku antena yomwe yayeza bwino. Chingwe cha antena ya rautayo chikhale chachifupi, chikatalika chimataya mphamvu. Chotsikira m'nyumba chikhale cha Ethernet, chingwe cha intaneti cha makompyuta. Rautayo tiitsekere pa 4G isamagwere ku 3G. Sola ndi batire zisasowe. Ndipo Wi-Fi yake ikhale ya ogwira ntchito okha, chifukwa munthu mmodzi akamakweza vidiyo, mawu a namwino amadikira pamzere kumbuyo kwake.

Achimwene Ernesto: Nanga Starlink, intaneti ya pa satelayiti? Masatelayiti ake ali cha m'ma makilomita 500 okha m'mwamba.

Mayi Filomena: Kuchedwa kwake n'kochepa ndithu, koma ya mwezi ndi mwezi alipira ndani? Zopereka zathu sizibwera mwezi uliwonse.

Bambo Zacarias: Chabwino. Tisagule kanthu kaye. A Ernesto, pezani wachinyamata wa pafupi ndi chipatala ayambe kuyeza Lolemba, manambala aziponya m'gulu muno tsiku lililonse.