Nkhuyu zoduladula 300g ndi makapu angati abale?

Nabanda wa ku Mufakose:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni changu, Loweruka lino kuli chinkhoswe cha mwana wa achemwali ndiye keke andisenzetsa ine, resipe ikuti nkhuyu zouma zoduladula 300g koma sikelo yanga mwana anaigwetsa ikungoonetsa 8888 basi. Nkhuyuzo anandibweretsera alamu kuchokera ku Johannesburg mu chigubu cha ayisikirimu, palibe polembedwa kulemera. Sindikufuna kuphonya, m'sitolo ya ku Avondale konkuno ku Harare ndinaziona mtengo wake ndinangozibwezera pa shelefu mwakachetechete.

Make Chisomo, Highfield:
Asisi musavutike, thirani makapu awiri. Kapu imodzi ya nkhuyu zouma zoduladula imakhala cha m'ma 150g. Koma kapu yake ikhale yoyezera ija ya 250ml osati chikho chomwera tiyi abambo m'mawa, chimenecho china chimafika 350ml mudzangomaliza nkhuyu zonse. Ya ku America ndi 240ml, kusiyana kwake ndi supuni imodzi yosadzadza, keke singadandaule.

Chachikulu dulani kaye kenako muyeze. Zathunthu zimasiya mipata mu kapu, mumaona ngati yadzadza koma theka ndi mpweya. Chotsani kamchira kolimba kaja, dulani tizidutswa ngati mtedza, thirani mu kapu muigwedeze pang'ono, musatsendere ngati mukulongedza makala mthumba iyayi. Zimamata mpeni zinthu zimenezi, ine ndimapaka sizasi timafuta tophikira ndiye zimayenda bwinobwino.

aPhiri aku Mbare:
Kkkk azimayi inu mpaka nkhuyu zokwera ndege kuchoka kunja? Kwathu ku Dedza timangotola pansi pa mkuyu, ngakhale konkuno maonde (nkhuyu m'Chishona) alipo mbwee, tumani ana akakutolereni.

Make Chisomo, Highfield:
Achimwene zamtchirezo muzidya nokha ndi tizilombo take tamkati tija. Komanso yaiwisi ndi madzi okhaokha, mukaika makapu awiri mu keke pakati sipapsa, resipe ikati zouma ndi zouma basi.

Gogo Nasibeko, Dzivarasekwa:
Mwanangu ngati kapu yoyezera ulibe tenga botolo la madzi la 500ml, kapu imene botololo lidzadze kawiri ndendende ndiye 250ml yakoyo. Ine ndaphika makeke m'nyumba za mabwana ku Borrowdale zaka zambiri, chomwe chimapweteketsa anthu ndi kunyika. Nkhuyu zikakhala zouma gwa timazinyika mu tiyi wotentha kuti zifewe, koma uyeze usananyike, zikamwa madzi zimatupa ndi kulemera ndiye makapu awiri ako sakhalanso 300g. Ukatsanula tiyiyo uziumitse pa kansalu, uziwaze kafulawa supuni imodzi kotapa pa fulawa wa resipe yemweyo, apo ayi zonse zidzamira pansi pa thini, pamwamba keke yoyera mbee pansi phala.

Nabanda wa ku Mufakose:
Zikomo agogo, ndayesa za botolozo, chikho chomwe ndimati ndiyezere chamwa madzi kupitirira theka la botolo eee ndikanalira. Ndapeza kakapu ka pulasitiki kobiriwira kakwana ndendende. Ndadula ndayeza makapu awiri, zatsalako zodzadza dzanja ndipo mwana uja wogwetsa sikelo wayamba kale kuzungulira kukhitchini. Pano ndikungodikira magetsi abwere usiku ndiyatse uvuni.