Ndalama zathu zidzere ku komiti kapena tiyambe tokha ntchito ya m'phiri?

Wapampando, ku Lilongwe: Abale ndi alongo a kwathu ku Phalombe, ndalama zimene tinasonkha zakwana kuti tiyambe ntchito yoteteza mudzi wathu ku madzi otsika m'phiri la Michesi. Maganizo anga ndi akuti tisagwire ntchitoyi patokha, koma tiipereke ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kuti ikwere ku komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, ya ADC, kenako ikalowe m'dongosolo la chitukuko la khonsolo. Chikhazikitsireni lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 1998, njira yake ndi imeneyi, ndipo ntchito yolembedwa m'dongosolo ndi imene alangizi a za nkhalango ndi a zaulimi amaiyendera.

Membala wa ku Johannesburg: Bambo wapampando, ndakumvani, koma mvula siyembekeza msonkhano. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April, choncho nazale iyenera kukhala itafesedwa dzuwa likadali pamutu, apo ayi chaka chatipita. Ine napolo wa mu March 1991 ndinamuona ndi maso angawa ndili mwana, miyala yoposa nyumba ikugubuduka, ndipo namondwe wa Freddy atakantha kwa Nkhulambe mu 2023 ndinatha masiku ndikuimba foni yosayankhidwa. Tigule machubu ndi mbewu, tilembe anyamata, ntchito iyambe mwezi uno.

Mayi a kumudzi, a m'komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi: Achimwene a ku Joni, mtima wanu ndaumva, ndipo sindikukutsutsani pa za nthawi. Koma ndiloleni ndinene zimene ife otsala kuno tinaona. Freddy atapita tinadzala mitengo yambiri m'mbali mwa mtsinje, koma pofika October yambiri inali itadyedwa ndi mbuzi, ina itapsa ndi moto wa osaka mbewa, chifukwa panalibe amene ankaitcha yake. Mtengo umapulumuka pamene amfumu aika lamulo poyera lakuti wolekerera ziweto kapena wootcha makala m'phiri alipire chindapusa, ndipo lamulo lotere silingachokere kwa inu a kutali, limachokera pabwalo, anthu ake atagwirizana. Komanso mitengo yokha siikwanira. Zigwembe zakula moti zikudya minda, ndipo zikufuna nsungwi, udzu wa vetiva ndi miyala yotchinga kuti madzi azitsika pang'onopang'ono. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chenjezo la a zanyengo tinalimva pa wailesi namondwe asanafike, koma ambiri sitinadziwe kothawira, ndipo agogo ena anakana kusiya mbuzi zawo. Ndikupempha kuti gawo la ndalamazi ligule malikhweru ndi zimkuzamawu, ndiponso mudzi ugwirizane malo okwera othawirako mvula isanayambe.

Mlembi, ku Blantyre: Ndikugwirizana ndi amayiwa. Ife tinaona zomwezo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope anakwirira nyumba zomangidwa motsetsereka. Lamulo latsopano la za ngozi la 2023, lolowa m'malo mwa lija la 1991 lomwe linabwera napolo wa kwathu atachitika, likutsindika kukonzekera ngozi isanagwe, osangoti kugawa ufa ndi mabulangete itachitika. Komabe nkhawa ya achimwene ndi yoona, pakuti makomiti ena amakumana pokhapokha kukabwera alendo. Choncho ndalama zikhale m'manja mwa gulu lathu, tizitulutsa pang'onopang'ono ntchito ikaoneka, ndipo zokambirana za komiti ziziwerengedwa pabwalo, amayi ndi achinyamata alipo, popeza ndiwo amatola nkhuni ndi kulima m'mphepete mwa phiri.

Membala wa ku Johannesburg: Za malikhweru ndi vetiva ndavomera ndi mtima wonse. Pa nazale pokha ndikuumirirabe kuti ifesedwe tsopano pakhomo pa amfumu, pamene makalata akuyenda ku ADC.

Wapampando: Zimenezo n'zotheka ngati amfumu alola. Amayi, tikupempheni mukawaonere Loweruka likudzali pamodzi ndi a komiti ya zachilengedwe, mukafunsenso mlangizi wa za nkhalango kuti pakati pa mbawa, mtangatanga ndi nsangu, ndi mitengo iti ingagwire bwino m'dothi la m'munsi mwa Michesi.